Utsi ndi Fumbi la mu Blantyre: Muli Zotani mu Mpweya Umene Ana Athu Akupuma?

Palibe mudzi wa m'mbali mwa nyanja umene ulibe mwana wake mu mzinda wa Blantyre. Ena ali m'mafakitale a ku Makata, ena akugulitsa nsomba mumsika wa Limbe, ena akuyendetsa minibasi, pamene ena ndi ana a sukulu amene akukhala kwa amalume awo ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani. Potsanzikana nawo timawachenjeza za akuba, za magulu oipa ndiponso za madzi akumwa. Koma chilipo chinthu china chimene amalowetsa m'thupi usana ndi usiku, chimene sitichitchula nkomwe. Chinthucho ndi mpweya.

Munthu wamkulu amapuma pafupifupi ka 20,000 pa tsiku, ndipo mpweya wonse umene umalowa m'mapapo mwake umapitirira malita 10,000. Inu amayi amene mumatunga madzi mukuidziwa ndowa ya malita 20. Tsono yerekezani ndowa zotero 500 zitandandalikidwa pabwalo. Umenewo ndiwo mpweya wa munthu mmodzi pa tsiku limodzi. Madzi akada timawakana, nsima ikagwera mchenga timaisiya, koma mpweya sitisankha. Chilichonse chimene chili m'menemo chimalowa basi. Nchifukwa chake nkofunika kuti tidziwe zimene zili mu mpweya wa mu mzindawu ndi kumene zikuchokera.

Fumbi looneka ndi fumbi losaoneka

Tinthu timene timayandama mu mpweya sitofanana kukula kwake. Kuti timvetse bwino, tengani rula ya mwana wa sukulu muone kampata kamodzi ka milimita. Kampata kameneko kakagawidwa m'zigawo 1,000, chigawo chimodzi chimatchedwa maikulomita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikulomita 70.

Akatswiri amagawa tinthuti m'magulu awiri. Gulu loyamba amalitcha PM10, ndipo ndi la tinthu tosapitirira mamaikulomita 10. Lambiri mwa ilo ndi fumbi la m'misewu, la m'minda, la simenti ndi la miyala. Fumbi lokulirapo limagwa pansi patangopita maola ochepa, ndipo lambiri limakodwa mu tsitsi la m'mphuno ndi m'mamina. Ndi limene limatiyetsemulitsa ndi kufiiritsa nsalu pachingwe.

Gulu lachiwiri amalitcha PM2.5, ndipo ndi la tinthu tosapitirira mamaikulomita awiri ndi theka. Kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi pangafunike kundandalika tinthu totere pafupifupi 30. Tambiri mwa ito timachokera ku moto, kaya ndi moto wa nkhuni, wa makala, wa zinyalala kapena moto umene umayaka m'kati mwa injini ya galimoto. Chifukwa cha kupepuka kwake timatha kukhala m'mwamba masiku ambiri ndi kuyenda mitunda italiitali ndi mphepo. Mphuno singathe kutigwira. Timatsika mpaka ku timatumba ta pansi pa mapapo pamene mpweya umakumana ndi magazi, ndipo tochepetsetsa timalowa m'magazi momwemo. Motero fumbi limene timadandaula nalo chifukwa tikuliona si limene lili loopsa kwambiri. Loopsa kwambiri ndi losaonekalo.

Mmene amadziwira kumene lachokera

Mwina wina angafunse kuti, nanga utsi ukasakanikirana m'mwamba, ndani angadziwe kuti uwu ndi wa ku fakitale, uwu ndi wa pa mbaula? Akatswiri amaika makina okoka mpweya padenga la nyumba. Mpweyawo umadutsa pa kapepala koyera kokhala ngati sefa kwa tsiku lathunthu. Kapepalako amakayeza pa sikelo yomva kulemera kochepa kwambiri, asanakaike ndiponso atakachotsa. Kusiyana kwa kulemerako ndiko kuchuluka kwa fumbi. Kenaka amafufuza zimene zakakamira pa kapepalako, pakuti gwero lililonse limasiya chizindikiro chake, monga mmene mlenje amasiyanitsira mapazi a gwape ndi a nguluwe.

Akapeza mwaye wakuda bii amadziwa kuti panali dizilo, parafini kapena nkhuni zosapsa bwino. Akapeza potaziyamu, mchere uja umene umapangitsa chidulo cha phulusa kufewetsa therere, amadziwa kuti kunapsa nkhuni, udzu kapena mapesi. Kashiamu wambiri amaloza ku simenti ndi laimu. Silika, amene ndi thupi lenileni la mchenga, amaloza ku dothi ndi ku miyala yophwanyidwa. Salufa amaloza ku malasha ndi mafuta a injini. Tizidutswa ta kopa ndi zinki timachokera ku mabuleki ndi matayala akamaperepeseka pamsewu, pamene kolorini wochuluka m'dera lakutali ndi nyanja yamchere kawirikawiri amasonyeza kuti anthu akutentha mapulasitiki.

Palinso tinthu tina timene sititulukira m'chumuni monga fumbi, koma timabadwira m'mwamba momwemo. Mpweya woipa wa m'malasha ndi wa m'magalimoto ukakumana ndi mpweya wonunkha wa amoniya wochokera ku ndowe ndi ku feteleza, zimagwirana nkupanga timchere tating'ono kwambiri. Choncho chimtambo chotuwa chimene chimakuta mzinda si chinthu chimodzi ayi. Ndi chisakanizo cha zinthu zambiri, ndipo aliyense waponyamo kake.

Zimene mumaona pa msewu wa Zomba

Ambiri a inu pochokera ku Mangochi mumadzera ku Liwonde ndi ku Zomba, nkudutsa pa Namadzi, pafupi ndi kuno ku Magomero, musanalowe mu Limbe. Ulendo umenewu pawokha ndi phunziro, chifukwa magwero ambiri a fumbi la mu mzinda mumawaona pawindo la basi musanafike nkomwe.

Kuseri kwa phiri la Zomba kuli Changalume, kumene kwa zaka zambiri ankakumba miyala ya laimu ndi kuiwotcha kuti ikapangidwe simenti ku Blantyre. Ntchitoyi inaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma achikulire a kumeneko akukumbukira fumbi loyera limene linkakuta masamba a mitengo ndi madenga.

Mukalowa m'boma la Chiradzulu nthawi ya chilimwe mumaona mauvuni a njerwa akufuka m'mbali mwa madambo. Uvuni umodzi umayaka usana ndi usiku ndipo umadya mitengo yambiri, ina yaiwisi. Njerwa zambiri zimapita kukamangira nyumba m'tauni, koma utsi wake umatsala ndi ife a kumudzi. Mu 2018 boma linakhazikitsa lamulo loletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za makampani, komabe nyumba zambiri za anthu wamba zikumangidwabe ndi njerwa zomwezi.

Pa Njuli pali kwale, pamene amaswa miyala yomangira misewu ndi nyumba. Kupatula makina, m'mbali mwa misewu yambiri mumapezeka amayi ndi anyamata atakhala pansi akuswa miyala ndi hamala, nkhope zili mbuu, ndipo nthawi zina mwana ali pambali. Fumbi la mwala lili ndi silika, ndipo za kuopsa kwake tinena kutsogoloku.

Mukayandikira Limbe muli pafupi ndi Mzedi, kumene kuli mtaya waukulu wa zinyalala za mu mzinda. Zinyalala zikaunjikana zimatulutsa mpweya woyaka, kotero kuti moto ukabuka pa mtaya umanyeka pansipansi kwa nthawi yaitali. Muli mapepala, nsanza, matayala ndi mapulasitiki, ndipo utsi wa zinthu zimenezi ndi wina mwa utsi woipitsitsa umene munthu angapume.

Mzinda wa mafakitale

Blantyre inayamba monga mishoni mu 1876. Njanji inafika mu 1908, ndipo mu 1956 Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa kukhala tauni imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzindawu munali anthu oposa 800,000. Mafakitale ambiri a dziko lino ali kumeneku, makamaka ku Makata, ku Ginnery Corner, ku Chirimba ndi ku Limbe. Kuli opanga simenti, nsalu, sopo, mafuta ophikira, zakumwa ndi okonza fodya. Ena mwa mafakitale amafuna nthunzi yambiri, ndipo amawiritsa madzi ndi malasha, monga a ku Mchenga m'boma la Rumphi kapena a ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Malasha amatulutsa mwaye, phulusa louluka ndi salufa. Makomboni monga Ndirande anakula moyandikana ndi mafakitalewa chifukwa antchito ankafuna kuyenda pansi popita ku ntchito, motero chimene chatuluka m'chumuni sichichedwa kufika pakhomo.

Gwero lachiwiri ndi magalimoto. Ambiri mwa magalimoto a m'dziko muno amabwera atagwira kale ntchito ku maiko ena monga Japan, ndipo kuno amayendanso zaka zambiri. Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Lole kapena minibasi yodzaza ikamakwera chitunda imalavula utsi wakuda, ndipo utsiwo umatulukira m'munsi, pa msinkhu wa mwana amene akuyenda m'mbali mwa msewu ndi wa mayi amene wayala tomato pansi. Misewu yambiri ya m'makomboni ilibe phula, choncho galimoto iliyonse ikadutsa imadzutsa fumbi. Magetsi akazima amalira majenereta a dizilo. Izi zinaoneka kwambiri mu 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130.

Koma gwero limene ambiri sitiliganizira ndi lachitatu. M'dziko muno mabanja oposa 90 mwa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Taganizirani m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse mbaula ndi mafuwa zikwi zambirimbiri zikuyatsidwa nthawi imodzi m'makomboni onse. Onjezani apo ophika tchipisi, ootcha chimanga, ndi milu ya zinyalala imene anthu amasesa nkuyatsa kuseri kwa nyumba popeza galimoto yotola zinyalala safika. Chumuni cha fakitale nchachitali ndipo aliyense amachiloza chala, koma moto waung'onowu uli paliponse, ndiponso uli pafupi ndi mphuno. Kafukufuku wa m'mizinda yambiri ya mu Africa wasonyeza kuti moto wa m'makomo ndi limodzi mwa magwero akuluakulu a tinthu ta PM2.5.

Makala amene amayaka mu Blantyre amachokera m'maboma monga Mwanza, Neno ndi Chikwawa. Pa uvuni wa dothi pamafunika makilogalamu 5 mpaka 10 a mitengo kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala. Yotsalayo imapita m'mwamba monga nthunzi ndi utsi. Motero thumba limodzi la makala limafukiza kawiri, koyamba kumudzi kumene lawotchedwa, kachiwiri m'tauni kumene laphikiridwa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake

Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira, ndipo mpweya wozizira, umene ndi wolemera, umatsikira m'zigwa za pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Pamwamba pake pamakhala mpweya wofundirapo umene umakhala ngati chivundikiro cha poto. Utsi wa m'mawa umalephera kukwera, ndipo umangoyala pamwamba pa madenga mpaka dzuwa litatentha. Ndi nthawi yomweyinso imene anthu amaotha moto atatseka zitseko ndi mawindo.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala vuto limasintha. Nthaka imauma, akamvuluvulu amanyamula dothi, alimi amatentha mapesi posoosa m'minda, anyamata amayatsa tchire posaka mbewa, ndipo ku Nchalo ndi ku Dwangwa nzimbe zimatenthedwa zisanadulidwe. Kuno ku Magomero pa miyezi imeneyi phiri la Chiradzulu limaoneka mwa chizimezime, pamene la Mulanje limasoweratu. Anthu ena amati ndi nkhungu, koma nkhungu siikhalitsa dzuwa likuswa mtengo. Umenewo ndi utsi ndi fumbi.

Utsi wina umachokera kunja kwa malire athu. Mu 2000 akatswiri a maiko ambiri anachita kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000 pogwiritsa ntchito ndege ndi makina a m'mlengalenga. Iwo anaona utsi wa moto wa m'tchire wa maiko a kum'mwera kwa Africa ukuyenda pamodzi ngati mtsinje waukulu mpaka kukatulukira pa nyanja yamchere ya India. Zonsezi zimatha mvula ikagwa, chifukwa madontho amatsuka mpweya. Makolo athu anaitcha bwino mvula yoyamba ija kuti chizimalupsa.

Zimene tinthuti timachita m'thupi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malire atsopano mu 2021. Muyeso wake ndi maikulogalamu, kutanthauza galamu imodzi yogawidwa m'zigawo miliyoni imodzi. Mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, tinthu ta PM2.5 tisapitirire mamaikulogalamu 15 pa tsiku, ndipo tikawerengera chaka chonse tisapitirire 5. Koma bungwe lomweli likuti m'khitchini yopanda mawindo, mmene akuphikira nkhuni, tinthuti tingachuluke kuwirikiza ka 100 kuposa muyeso woyenera.

Bungweli linawerengera kuti mu 2019 mpweya woipa wa panja unafupikitsa miyoyo ya anthu 4.2 miliyoni pa dziko lonse, ndipo mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, mwa iwo ana oposa 237,000 osakwana zaka zisanu. Pa ana, matenda aakulu ndi chibayo. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, mapapo ake akukulabe, ndipo akakhala kumbuyo kwa mayi ake amene akuuzira moto amapuma utsi womwewo. Mayi woyembekezera akamakhalitsa mu utsi angabereke mwana wochepa sikelo. Pa akuluakulu, tinthuti timayambitsa chifuwa chosatha ndi kubanika, timautsa mphumu, timaononga mitsempha ya magazi nkubweretsa matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Mu 2012 akatswiri a khansa a bungwe la WHO anagamula kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo mu 2013 ananena chimodzimodzi za mpweya woipa wa panja. Pali agogo ambiri amene sanasutepo fodya chibadwire, koma mapapo awo ali ngati a munthu wosuta chifukwa cha zaka makumi anayi za pa mafuwa.

Za fumbi la mwala, dziko lino lili ndi mboni zake. Abambo ambiri a m'midzi yathu anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Pobowola thanthwe ankapuma silika, amene amakakamira m'mapapo nkuchititsa zipsera zosapola. Matendawa, otchedwa silikosisi, amaoneka patapita zaka zambiri, alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa odwala ndi kwa mabanja a omwalira, ndipo khoti linavomereza mgwirizanowu mu 2019. Ndalamazi zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust. Silika wa ku Joni ndi yemweyo amene ali mu mwala umene mayi akuswa m'mbali mwa msewu kuno kwathu.

Nawo a ku Kabwe m'dziko la Zambia ali ndi nkhani yawo. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unagwira ntchito pafupifupi zaka 90 ndipo unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu linatsala m'dothi la m'makomboni. Ana ambiri apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana. Ili ndi chenjezo kwa onse amene amaphwanya ndi kusungunula mabatire akale a galimoto pakhomo pamene pakusewera ana.

Phunziro la ku Chikwawa ndi ku Karonga

Pakati pa 2013 ndi 2016 m'dziko muno munachitika kafukufuku wamkulu amene dziko lonse linatchera khutu. Madokotala a kuno pamodzi ndi a sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine anatsata ana 10,750 m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Karonga. Midzi ina inalandira mbaula zamakono zokhala ndi kachipupizira koyendera batire, zimene zimatentha nkhuni mosatulutsa utsi wambiri. Midzi ina inapitiriza kuphika pa mafuwa. Chiyembekezo chinali chakuti chibayo chichepa pakati pa ana a m'midzi ya mbaula zatsopano.

Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Ana opsa ndi moto anachepa ndithu, koma chibayo sichinachepe. Mwa zifukwa zimene ofufuzawo anapereka ndi zakuti mabanja ambiri ankayatsabe moto wa pa mafuwa pambali pa mbaulazo, mbaula zina zinkaonongeka, ndiponso ana ankapumabe utsi wa zinyalala zotenthedwa, wa fodya ndi wa moto wa anansi. Tanthauzo lake si lakuti mbaula zabwino nzachabe ayi. Tanthauzo lake ndi lakuti denga lodontha malo asanu silisiya kunyowetsa mphasa mukatseka bowo limodzi. Mpweya wa pamudzi ndi wa onse, ndipo banja limodzi silingaukonze palokha.

Izi zikukhudzanso inu a kunyanja, amene mwina mukuganiza kuti mwera umakuchotserani zoipa zonse. Amene amawamba nsomba amakhala mu utsi wa nkhuni maola ambiri, kawirikawiri ali ndi ana. Koloboyi amene mwana amawerengera usiku amatulutsa mwaye wambiri pafupi penipeni ndi nkhope yake, ndipo umboni wake ndi mamina akuda a m'mawa. Makoka akutha ndi mapulasitiki amene amatenthedwa pa doko nawonso ndi ululu womwewo wa pa mtaya wa m'tauni.

Zinthu zimatheka kusintha

Mu Disembala 1952 mzinda wa London unakutidwa ndi chifunga chosakanikirana ndi utsi wa malasha kwa masiku asanu. Anthu pafupifupi 4,000 anafa m'masiku amenewo, ndipo kuwerengera kwa pambuyo pake kunasonyeza kuti onse pamodzi anafika pafupifupi 12,000. Utsi wambiri unkachokera m'malasha amene mabanja ankaotha m'nyumba zawo. Mu 1956 dzikolo linakhazikitsa lamulo la mpweya wabwino, anthu anathandizidwa kusintha zootha ndi zophikira, ndipo chifunga chakupha chija chinatha.

Chitsanzo china tachiona ndi maso athu. Kale petulo ankathiramo mtovu. Pofika kumayambiriro kwa 2006 maiko a mu Africa a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotere, ndipo mu 2021 Algeria linakhala dziko lomaliza pa dziko lonse kumusiya. Ana obadwa lero sakupumanso mtovu wa m'magalimoto.

Kuno kwathu malamulo alipo. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, limene lili ndi mphamvu zoyendera mafakitale ndi kulanga oononga. Mapulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015, ngakhale kuti nkhaniyi inakhalitsa m'makhoti. Chimene tiyenera kupempha kwa makhansala ndi aphungu athu ndi chakuti mpweya wa m'mizinda uziyezedwa tsiku ndi tsiku ndi kulengezedwa pa wailesi monga amachitira ndi za nyengo, kuti zinyalala za m'makomboni zizitoledwa, kuti magalimoto ofuka azichotsedwa pamsewu mpaka atakonzedwa, ndiponso kuti olemba anthu ntchito za fumbi azipereka zotchinga kumphuno zoyenera.

Zimene banja lingayambe lero

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa nkhani inonso, utsi umene ungatipweteke kwambiri ndi umene uli pafupi nafe, ndipo umenewo ndi umene tingathe kuuchepetsa osadikira boma.

Phikirani nkhuni zouma bwino ndi zowaza, chifukwa zaziwisi ndi zimene zimafuka. Ngati kunja kuli bwino phikirani panja kapena pakhonde, ndipo khitchini ikhale ndi mawindo awiri oyang'anana ndi mpata pansi pa denga. Abambo, iyi ndi ntchito yanu, ndipo siidya tsiku lonse. Mbaula ya dothi ya chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Nyemba zikaviikidwa usiku ndipo poto akavundikiridwa, nthawi yokhala pamoto imachepa. Mwezi wa Ramadhani ndi pa masadaka, pamene amayi amakhalitsa pamoto, pakhale wina wogwira mwana kutali ndi utsi.

Musakolezere mbaula ndi jumbo kapena chidutswa cha tayala. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Masamba ndi mapesi akwirireni apange manyowa m'malo mowatentha. Wazani madzi musanasese bwalo ndi m'kalasi. Oswa miyala azinyowetsa miyalayo, azikhala moti mphepo izichotsa fumbi kumaso kwawo, ndipo ana asakhale pamenepo. Kansalu wamba kumphuno kamagwira fumbi lalikulu lokha, losaoneka lija limadutsa. Kumene kungatheke, nyale ya sola ilowe m'malo mwa koloboyi. Amene mukufuna nyumba ya lendi m'tauni, yang'anani kaye ngati ili pafupi ndi msewu waukulu, mtaya kapena chumuni, ndi kumene mphepo imalowera.

Pomaliza, dziwani nthawi yothamangira ku chipatala. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, kapena m'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati popuma, pitani naye tsiku lomwelo, pakuti chingakhale chibayo. Munthu wamkulu amene watsokomola milungu iwiri akayezetse makhololo, ndipo ngati anagwirapo ntchito mu mgodi, pa kwale kapena mu fumbi la fakitale awauze adokotala, ngakhale patapita zaka makumi awiri.

Nkhaniyi ikambidwe m'misonkhano ya amayi, pa bwalo la amfumu ndi m'makomiti a pa doko. Mudzi ukagwirizana kuti pasakhale wotentha mapulasitiki ndi woyatsa tchire, phindu lake lidzafika pa mwana aliyense wa m'mudzimo, ngakhale wa banja limene silingakwanitse kugula mbaula yatsopano.